Marimu a 20 pa Hilux yokoka thirela: ndiwauze atumize kapena ndisiye?

Wa Matabwa ku Sadzi: Akuluakulu a pagulu pano, mwaswera bwanji. Ndili ndi Hilux ya double cab, 3.0 D-4D, ya magiya a pamanja. Ili pa marimu a 17 omwe inabwera nawo, matayala 265/65R17, ndipo a kumbuyowo asalala ndithu. Alamu anga ali ku Johannesburg andipezera marimu a 20 akuda, ali kale ndi matayala ake 265/50R20, akuti mwini wake sanayendere kwambiri. Mtengo wake sukusiyana kwenikweni ndi kugula matayala anayi atsopano kuno. Koma galimotoyi si yongopitira kutchalitchi ayi. Imakoka thirela ya matabwa kuchokera ku Chawe, pa phiri la Zomba, ndipo nyengo yokolola ndimakatuta mpunga ku Domasi ndi cha ku Kachulu. Ndiwauze atumize kapena ndisiye?

Mfana wa ku Chikanda: Bigi musachedwe nazo, auzeni akweze pa basi mawa lomweli. Hilux pa ma 20 akuda imatchena koopsa. Loweruka lililonse azidzakubwerekani pa zikwati, matabwawo mudzawaiwala.

Che Matayala: Achimwene, musanawayankhe alamu anuwo, auzeni ajambule zinthu izi atitumizire pano. M'mbali mwa tayala pomwe palembedwa 265/50R20, patsogolo pake pali nambala ina ndi chilembo. Kenako pomwe pali DOT, manambala anayi omalizira. Atembenuzenso rimu imodzi ajambule kuseri kwake, pamakhala zodinda.

Mayi a Mpunga ku Domasi: Ine za manambalazo zandidutsa, ndangomva poti mpunga. Bambo, chaka chino mudzayambire kwathu kuno.

Wa Matabwa ku Sadzi: Atumiza. Pa tayala palembedwa 107V. DOT ikuthera 1418. Kuseri kwa rimu kuli 20x9 ndi ET0, zinazo sizikuoneka bwino pachithunzi.

Che Matayala: Eya, nkhani yagona pamenepo. Tulukani panja mukaone matayala anu akalewo, ndikukhulupirira mukapeza 112. Nambala imeneyo imanena katundu amene tayala limodzi lingasenze likapopedwa mokwanira. 112 ndi makilogalamu 1,120. 107 ndi makilogalamu 975. Pa tayala lililonse mwataya 145, ndiye kumbuyo kokha, komwe kumagwera zonse za m'bodi pamodzi ndi mphuno ya thirela, mwataya 290. Amenewo ndi matumba a mpunga pafupifupi 6. V yo ikunena za liwiro, makilomita 240 pa ola, loti Hilux yanu sidzalilawako mpaka idzagulitsidwe. Ndiye mukulipira zomwe simudzazigwiritsa ntchito, n'kutaya zomwe mumadyera.

1418 ndiye kuti tayalalo linapangidwa sabata ya 14 m'chaka cha 2018. Mano akhoza kuoneka atsopano, koma labala imakalamba ngakhale tayala lingokhala m'galaja. Muwafunse ayang'anitsitse pakati pa manowo ndi m'mbali ngati mulibe timing'alu.

Aphunzitsi a Masamu: Ndiwonjezereko pang'ono, poti ambiri tikamva 20 timaganiza kuti galimoto ikwera. 265 ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita. 65 kapena 50 yo ndi msinkhu wa khoma la m'mbali, pa maperesenti a 265 yomweyo. 17 kapena 20 ndi rimu, m'mainchesi. Tikawerengera, khoma la tayala lanu la pano ndi mamilimita 172, gudumu lonse kuchoka pansi kufika pamwamba 776. Khoma la tayala la alamu ndi mamilimita 132, gudumu lonse 773. Ndiye galimoto sikwera olo pang'ono. Chomwe chakula ndi chitsulo, labala yachepa ndi masentimita 4.

Mfana wa ku Chikanda: Aphunzitsi, holide yomwe ino mukutipatsabe homuweki?

Madala Opuma Pantchito: Mwanawe khala chete uphunzire. Ine ndayendetsa galimoto za boma m'misewu ya kuno mpaka kupuma, Chingale, Mayaka, Jali, Kachulu, konseko. Masentimita 4 amene aphunzitsi akunenawo ndi amene amakupulumutsa ukagwa m'dzenje uli ndi katundu. Khoma lalitali limapindika, kumeza chigwembecho, n'kubwerera. Khoma lalifupi limapanikizika pakati pa mwala ndi mlomo wa rimu, mkatimo ulusi n'kuduka, mawa lake mukuona chotupa m'mbali. Tayala lotupa m'mbali silimatidwa, ndi lotaya basi. Ndipo rimu yachitsulo ikapindika timaiwongola ndi hamala pansi pa mtengo wa mango, n'kupopa, ulendo n'kupitirira. Za aluminiyamu zonyezimirazi zimang'aluka. Ikang'aluka muli ku Kachulu dzuwa likulowa, mukagona ndi asodzi.

China, pamsewu wa fumbi wa magidigidi kapena pamchenga timaphwetsako mpweya pang'ono kuti tayala ligwire bwino. Pa khoma la 50 mulibe pophwetsera.

Wa Ranger ku Matawale: Madala ndakumvani, koma tisawaopseze munthu mopitirira. Yanga ili pa ma 20 ndipo ndimapita ku Blantyre kawirikawiri, nthawi zina ndi kathirela ka mipando ya tenti kumbuyo. Pa makona imakhazikika bwino kuposa mmene inalili pa matayala aatali, siyendera uku ndi uku. Komanso si tayala lililonse la 20 lomwe ndi 107. Alipo a XL, olimbitsidwa kuti azisenza zambiri, a 111, aliponso a LT, a galimoto zonyamula katundu, olimba kuposa pamenepo.

Che Matayala: Zoona bwana, alipo, sindikukana. Ndipo zoti pa tala imakhazikika bwino n'zoonanso, poti khoma lalifupi silipendama pokhota. Koma inu msewu wanu ndi M3, Thondwe, Namadzi, Njuli, Limbe, mwafika. Mipando ya pulasitiki ndi matabwa aawisi a paini si katundu mmodzi. Ndiye funso langa ndi lakuti: likaphulika limodzi, lina mulipeza kuti? Tayala la 16 kapena 17 mukazungulira mu Zomba momwe muno simulephera kupeza olo la kaunjika loti likufikitseni kunyumba. La 20 la saizi yanuyanu, konzekani ulendo wa ku Blantyre, mwinanso akakuuzani kuti tidikire oda. Ndi mmene forex ikuvutiramu, odayo amabwera tsiku lomwe wafuna yekha. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya matayala tonse tikuidziwa.

Ndiponso anzathu omata matayala m'mbali mwa msewu amachotsa tayala ndi mipiringidzo ndi hamala. Rimu yakuda ija ikadutsa m'manja mwawo kamodzi, mlomo wonse umakhala zipsera.

Wa Ranger ku Matawale: Apo pokha ndiye mwalasa. Yanga sindilola kuti aikhudze opanda mashini.

Mfana wa ku Chikanda: Chabwino, ma 20 tawasiya. Ndiye bigi khalani pa 17 pomwepo koma muike 285/70R17 za matope zija, za mano akuluakulu. Khoma lomwe madala akufuna lilipo lambiri, galimoto ikwera, ku Kachulu nthawi ya mvula muzingodutsa ena atatitimira. Apa mukana chiyani?

Aphunzitsi a Masamu: Apa ndiye gudumu lakuladi. 285/70R17 ndi mamilimita 831, kusiyana ndi 776. Lakula ndi 55, omwe ndi maperesenti 7. Koma galimoto imakwera ndi theka lokha la 55 yo, poti ekiselo ili pakati pa gudumu. Pansi pa difu, chibokosi cha magiya cha pakati pa ekiselo chija, mwapindula mamilimita 27 basi, zala ziwiri zosakwana bwino. Muvi wa liwiro nawo uyamba kunama, chifukwa umawerenga kuzungulira kwa gudumu osati msewu. Ukaloza 80 ndiye kuti mukuthamanga pafupifupi 86. Pa chikwangwani cha 50 inu mukuona 50, kamera ya apolisi ikuona 53 kapena 54. Makilomita nawonso aziwerengeka ochepa, mwayenda 107 iyo yalemba 100, ndiye tsiku losintha oyilo lizikudutsani osadziwa.

Makaniko wa ku Chinamwali: Pepani ndachedwa, ndinali kunsi kwa galimoto. Ndawerenga zonse. Za ma 20 akulu anena kale, ine ndilankhule za 285 yi chifukwa ndi imene imandibweretsera makasitomala.

Magiya ndi difu ya galimotoyo anaziwerengera pa gudumu la 776. Mukaika lalikulu ndi maperesenti 7, mphamvu yokankha pansi imatsika ndi muyeso womwewo pa giya iliyonse. Zili ngati kukwera mtunda pa njinga ya magiya tcheni chili pa giya yolemera: mwendo ndi womwewo, koma pedulo yauma. Galimoto ili yokha simumva kwambiri, 3.0 ija ili ndi mphamvu. Koma muimitseni pa mtunda, thirela yodzaza ili kumbuyo, ndiye munyamuke. Giya yoyamba yatalika, injini ikufuna kuzima, inu mukuwonjezera moto mwendo wina uli theka pa kilatchi. Fungo lomwe mumamva pamenepo ndi ndalama zikupsa. Kilatchi ya D-4D si yotchipa, funsani amene anagulapo chaka chino. Pamtunda pomwe mumakwera pa giya yachitatu muzikwera pa yachiwiri, dizilo naye azipita, dizilo yemweyu amene tinkachita kugona pamzere kuti timupeze.

Njira yobwezera mphamvuyo ilipo, ndi kusintha magiya a m'difu. Koma pa 4x4 mumasintha madifu onse awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, kuti afanane. Ndalama yake mukhoza kugula thirela ina.

Koma chomwe chimandiopsa ine si kukwera ayi, ndi kutsika. Mabuleki ndi omwe aja, madisiki kutsogolo, madiramu kumbuyo. Gudumu likatalika, mabuleki omwewo amagwira mofooka pamsewu, kuwonjezera apo tayala la matope ndi lolemera, kuliimitsa likamazungulira ndi ntchito ina payokha. Injini nayonso imagwira galimoto mofooka mukatsikira pa giya, poti giya iliyonse yatalika. Ndiye mwendo umakhalitsa pa buleki, mapadi amatentha, mafuta a buleki akakhala akale amawira, pedulo n'kulowa pansi. Zimenezi zimachitika kumapeto kwa mtsetse, osati koyambirira, pomwe munthu wayamba kale kudzimva kuti wafika.

Madala Opuma Pantchito: Amisiri anena zoona. Kuchoka ku Chawe kufika m'tauni mumatsika mamita oposa 500, makona okhaokha, mbali inayo phompho. Kale kunali msewu wokwerera pawokha ndi wotsikira pawokha, simunkakumana ndi munthu. Lero mukukumana ndi galimoto za alendo, njinga zosenza nkhuni, ana ogulitsa mastroberi akuthamangira pawindo. Lamulo lomwe tinaphunzitsidwa ife ndi lakuti giya yomwe wakwerera ndi yomwe utsikire. Ndi thirela, yachiwiri, pena yoyamba. Woimba hutala kumbuyo aimbe.

Mfana wa ku Chikanda: Koma nanga ku Australia ndi ku America anthu amakoka makalavani ndi matayala aakulu kuposa amenewa bwanji? Timaziona pa YouTube.

Makaniko wa ku Chinamwali: Aise, amene ukuwaonawo ambiri anasinthanso magiya a m'difu, masipuling'i, mashoko, ena mabuleki omwe, ndipo makalavani awo ali ndi mabuleki akeake. Pa vidiyo amakuonetsa tayala, risiti sakuonetsa.

Wa Matabwa ku Sadzi: Ndikutsatira bwino akuluakulu. Nanga 285 yo ingalowe n'komwe osakhudza bodi?

Makaniko wa ku Chinamwali: Galimoto itaima imaoneka ngati yalowa. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto uku mukubwerera m'mbuyo, mumva ikukhukhuza madigadi ndi pulasitiki ya mkati. Mukasenza katundu n'kugwa m'dzenje ndiye imadya bodi yeniyeniyo. Anthu amayamba kudula, kukhoma ndi hamala, kukweza galimoto. Mukakweza, mpira wachitsulo wokolekapo thirela nawo wakwera, thirela yayang'ana kumwamba, kulemera kwathawira kumbuyo kwake, ndiye imayamba kuvina mukafika pa liwiro. Thirela imafuna kuyenda yowongoka, mphuno yake ikupondereza mpira pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake.

Musaiwalenso sipeya. Imakhala kunsi kwa bodi, pomwenso padutsa chitsulo cha towbar. Tayala la 831 pamenepo ndi nkhondo. Mukasiya sipeya yakale yaing'ono, tsiku lomwe mudzaiike n'kulowetsa 4x4 m'matope, magudumu azidzazungulira mosiyana, transfer case, bokosi logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, ndi difu n'kumakokana. Ndiye bajeti yake ndi ya matayala asanu, osati anayi.

Mfana wa ku Chikanda: Zokhukhuzazo n'zosavuta, pali ma spacer, mbale zolowetsa pakati pa habu ndi rimu kuti gudumu lituluke panja. Pali mdala wina amasema pa lathe, tsiku limodzi zatheka.

Makaniko wa ku Chinamwali: Pa galimoto yokoka, zimenezo usadzazitchulenso pagulu pano. Choyamba, kutulutsa gudumu panja kumawonjezera kukhukhuza pokhota, sikuchepetsa. Chachiwiri, mabawuti a Hilux ndi M12x1.5, kutanthauza kuti nati ikazungulira kamodzi imalowa mamilimita 1.5. Nati imayenera kulowa osachepera mamilimita 12, ndiko kuzungulira ka 8. Ukalowetsa mbale pakati pa habu ndi rimu mabawuti ali omwewo, nati imagwira ndi mano atatu kapena anayi. Gudumu la kumbuyo likadzakupitirira pa mtsetse wa ku Chawe udzadziwa kuti mbale ija inasemedwa tsiku limodzi.

N'chimodzimodzi ET0 ya pa marimu a alamu aja. ET imanena, m'mamilimita, mmene rimu yalowera mkati mwa galimoto. Marimu a 17 a Hilux amakhala cha pa ET30. Kupita pa 0 ndiye kuti pakati pa gudumu patuluka panja ndi masentimita 3, kuphatikizanso kufutukuka kwa rimu ya mainchesi 9. Mabering'i ndi ma ball joint amasenza mopendama, satha chaka chabwino, ndipo tayala limaponya miyala ndi matope m'zitseko ndi pa thirela.

Wa Ranger ku Matawale: Mabowo a marimu a Hilux ndi ofanana ndi a Ranger eti? Ndikufunsira mnzanga.

Makaniko wa ku Chinamwali: Mnzanu amene ali ndi Ranger ku Matawale? Mabowo 6 a mabawuti, pa mzere wozungulira wa mamilimita 139.7 kudutsa pakati, onse awiri, inde. Koma bowo la pakati ndi losiyana, Hilux ndi 106.1, Ranger ndi 93.1. Rimu ya Hilux imalowa pa Ranger koma imafuna mphete ya pakati kuti ikhale pakatikati, ya Ranger pa Hilux silowa. Muonenso manati. Marimu a aluminiyamu a Toyota amagwiritsa manati a washa, okhala fulati, pomwe marimu ogula paderawa ambiri amafuna manati osongoka. Mukasakaniza, nati imaoneka yamanga koma yagwira pang'ono pokha, imamasuka m'njira.

Admin: Amene mwaponya za Bullets ndi Wanderers ndachotsa. Gulu la mpira lilipo lina. Pitirizani za matayala.

Mayi a Mpunga ku Domasi: Inetu ndili ndi funso, mundikhululukire ngati ndi lopusa. Mukukangana za matayala a galimoto, koma thirelayo bwanji? Pokolola timakweza matumba 20 pa thirela, ena m'bodi. Thumba limodzi makilogalamu 50, ena amadzaza mpaka kusoka movutikira. Timatayala ta thirela timachita kukhala ngati tikufuna kulira. Imeneyo ilibe malire ake?

Makaniko wa ku Chinamwali: Mayi, funso lanu laposa onse. Achimwene a matabwa, thirela yanu ili ndi mabuleki?

Wa Matabwa ku Sadzi: Ilibe. Ndi yowotcherera konkuno, ekiselo imodzi, matayala a 14.

Makaniko wa ku Chinamwali: Ndiye tsegulani buku la galimotoyo. Thirela yopanda mabuleki malire ake ndi makilogalamu 750, kuphatikiza kulemera kwa thirela yeniyeniyo. Matumba 20 a mayiwa ndi tani yathunthu, thirela tisanaiwerengere. Matabwa aawisi ndiye sindinena. Zonsezo zikuimitsidwa ndi mabuleki a Hilux okha. Ziwerengero zikuluzikulu za matani awiri ndi kuposa zomwe anthu amatchula zija ndi za thirela ya mabuleki. Ndalama yomwe mumati mutumize ku Johannesburg, ine ndikanagulira ekiselo ya mabuleki ndi kapulingi yake ija yoti galimoto ikamaima, thirela ikamakankha, imadzimangira yokha. Alamu anu omwewo akhoza kukupezerani, kumeneko zimenezi ndi zosasowa.

Che Matayala: Ndipo pa thirelapo muike matayala olembedwa C, onyamulira katundu, monga 195R14C a pa minibasi aja, osati a Corolla. 195R14C amakhala 106/104, ndipo 106 yo ndiye kuti makilogalamu 950 lililonse. La galimoto yaing'ono la 14 ambiri safika ndi 600 omwe.

Za Hilux yo maganizo anga ndi awa. Khalani pa marimu anu a 17. Gulani all-terrain, yoyenda pa tala ndi pa fumbi pomwe, ya LT pa saizi yomweyo, LT265/65R17, imabwera 120/117, ndiye kuti makilogalamu 1,400 pa tayala, khoma lake lolimba, miyala ya ku Chawe siilasa msanga. Ngati mtima ukufunabe kuti ikwereko, 265/70R17 ndi pomalizira. Aphunzitsi atiuza kuti ndi zingati.

Aphunzitsi a Masamu: Mamilimita 803, yakula ndi maperesenti 3 ndi theka. Muvi ukaloza 80 muli pa 83.

Che Matayala: Imeneyo ambiri imawalowera, koma muyese limodzi kutsogolo, mupinde chiwongolero mbali zonse musanalipire onse. Dziwaninso kuti LT ndi yolemera ndipo imagunda galimoto ikakhala yopanda katundu, amayi kunyumba adzadandaula. Imafunanso mpweya wochulukirapo kuposa tayala wamba kuti isenze katundu yemweyo, ndiye musangotsatira kapepala ka pachitseko, mufunse okugulitsaniwo akuonetseni tchati chake. Mugule geji yanuyanu, muziyeza m'mawa matayala asanatenthe. Ndipo 1,400 yo isakunamizeni kuti galimoto yasanduka lole. Ekiselo ndi masipuling'i malire ake ndi omwe aja a pa kachitsulo ka fakitale.

Madala Opuma Pantchito: Za matope zija zisiyeni ndithu. Pa tala yonyowa sizigwira bwino ngati all-terrain, ndipo Zomba mvula yake mukuidziwa. Phokoso lakenso mukafika ku Liwonde mutu ukuwawa.

Mfana wa ku Chikanda: Ndiye basi Hilux ikhala ngati ya a forestry. Bigi olo mungopenta marimu akalewo akhale akuda, tisachite manyazi m'tauni.

Wa Matabwa ku Sadzi: Kupenta ndavomera mfana, ubwere ndi sandipepa. Alamu ndawauza asiye marimuwo, afufuze mtengo wa ekiselo ya mabuleki ndi kapulingi. Matayala nditenga LT265/65R17, asanu sindikwanitsa pakamodzi, koma poti saizi ndi yomweyo, labwino mwa akalewa likhala sipeya. Ndipita ku Limbe mwezi ukatha. Amisiri, ekiseloyo ndiwauze ya muyeso wanji?

Makaniko wa ku Chinamwali: Musawauze kanthu ndisanaione. Bweretsani thirelayo Lachinayi m'mawa yopanda katundu, tiyeze kutalika kwa ekiselo, pomwe pakhala masipuling'i, ndi chitsulo cha kutsogolocho ngati chingalandire kapulingi ya mabuleki, chifukwa zowotcherera zina timayamba talimbitsa kaye. Ku Limbeko mukawauze achite balansi ndi alayimenti, ndipo manati asamange ndi mfuti ya mpweya mpaka kulira. Manati a Hilux amafuna 105 Nm, amange ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira ija, modumphitsa, osati mozungulira. Mukafika ku Zomba mudzakhala mutayenda makilomita okwanira, mudzadutse pagalaja tidzabwerezenso kumanga manatiwo musanakwere phiri.

Mayi a Mpunga ku Domasi: Ndiye mpaka ekiseloyo ifike tizikweza matumba angati?

Makaniko wa ku Chinamwali: Tikaiyeza thirelayo pa sikelo ndikuuzani. Ikapezeka ya makilogalamu 300, ndiye matumba 9 pa thirela, otsalawo maulendo awiri.